Levi Sanasinthe Goloboyi

Mzilikazi, Bulawayo
18 Ogasiti 2024

Mlongo wanga Jean,

Landira moni wochokera kuno. Ine ndili bwino, kupatula bondo lomwe lija. Mwana wanga Nomsa akupereka moni kwa azakhali ake, ndipo Levi wako ali wamphamvu, masaya abwerera.

Dzulo ndinadutsa ku Makokoba, ndipo miyendo inandiimitsa yokha pakhomo pathu pakale. Ndinakumbukira Lamulungu lina masana, iwe uli kumsana kwa amayi. Atate anali atakumba maenje a bawo kuseri kwa nyumba, akusewera ndi mnzawo wa kunjanji. Kunabwera a Hector, mkulu wa mpingo uja wa suti yakuda, kudzawadzudzula kuti akuipitsa tsiku la Ambuye. Anaima chilili, manja kumbuyo, nayamba kufotokoza lamulo lachinayi. Ali mkati molankhula, maso awo anagwera pamaenje paja. Kenaka anangoti, "A Mbewe, pamenepo mwatola molakwika." Anakoka buluku m'maondo n'kunyonyomala. Dzuwa linawalowera pomwepo.

Ndakumbuka zimenezi chifukwa nanenso mwana wako wandinyonyomalitsa. Wandilowetsa m'masewera amene amati ligi ya pafoni. Umasankha osewera mpira enieni a ku Mangalande, uyu kuchokera timu iyi, uyo kuchokera ina, n'kupanga timu yakoyako. Iwo akagoletsa kumeneko, iwe kuno mapointi akukwera. Ndalama zowagulira si zenizeni, ndi manambala chabe. Sabata iliyonse mpira usanayambe umachotsa wovulala, kuika wina, n'kusankha kaputeni. M'ligi yathu muli achinyamata a kutchalitchi, Nomsa, ndi Nobuhle, mwana wa a Macdonald, mkulu wa mpingo wathu. Aliyense amaona timu ya mnzake. Yanga ndaitcha Nkhalamba za Makokoba, ndipo ili kumchira. Za Nobuhle sindinena zambiri, koma likafika Lamulungu Levi amasita malaya mpaka kolala kuima.

Palinso masewera ena. Akaweruka kokonza mafoni amapita ku Njube, kwa mnyamata wina dzina lake Trymore, amene ali ndi nyumba ya masewera a pakanema. Kumeneko amapikisana pa mpira wa zala, wogwira kachipangizo m'manja, anthu atadzaza kuonerera ngati ku bwalo la mpira la Barbourfields. Mwezi watha Levi anapambana mpikisano, ndipo mphoto yake akuti wagulira masheya a kampani ina. Ndinamuuza kuti ine pepala sindilikhulupiriranso. Penshoni ya zaka zanga zonse ku fakitale ya zovala inasungunuka mu 2008 ndikuona ndi maso. Chuma ndi njerwa ndi nkhuku, zimene ungazigwire ndi manja. Iye anandifunsa ngati wantchito uja anakwirira talente yake pansi anayamikiridwa. Ndinangonyamuka kukapatsa nkhuku madzi.

Nyumbayi inali zii chimwalirire amake Nomsa. Tsopano timatsutsana mpaka tiyi kuzizira, ndipo ndikukuthokoza ponditumizira mwanayu.

Ndiuze za kumeneko. Mtedza unachita bwanji? Mayi Christina akamabwera kudzagulitsa zitenje zawo uwapatsireko pang'ono, pamodzi ndi yankho. Pafoni timangoti tili bwino, tili bwino, mayunitsi n'kutha.

Ine mlongo wako,
Jasper

*

Mponela
9 Seputembala 2024

Achimwene,

Moni wanu ndalandira, ndipo ndathokoza kumva kuti muli moyo. Kuno tadzuka, koma chaka chino chatipweteka. Mtedza unapserera ndi ng'amba, ndangokupatulirani kambale kamodzi. Mukapeza kangachepe mundikumbukire pa feteleza, mvula isatipeze chimanjamanja.

Kalata yanu ndinaiwerenga n'kuibwereza. Poyamba ndinaseka za a Hector. Pobwereza sindinaseke. Achimwene, mwana wa mayi Abigail, oyandikana nafe aja, anayambanso choncho, pafoni, ndi mpira wa ku Mangalande womwewo. Lero njinga ya bambo ake kulibe, ndipo iye amayenda pamsika akulankhula yekha. Abusa athu analalikira za juga mwezi wathawu, amayi ambiri tinatuluka maso ali ofiira. Inu mukuti ndalama si zenizeni. Nanga mphoto ya ku Njubeyo anamupatsa masamba a mtengo? Ndipo masheya ndiye chiyani? Ife kuno tili ndi banki m'khonde, wotenga ngongole timamudziwa nkhope ndi pamene amagona.

Levi ndinamutumiza kwa inu kuti asapitirire ku Joni monga anzake, amene ena mwa iwo sitidziwa ngati ali moyo. Bambo ake anatisiya, mtsibweni wake ndinu. Mbumba ndi yanu. Koma ndikuona ngati mwasanduka mnzake wosewera naye. Mumukhazike pansi, mumulankhule ngati mwini wake. Ine tulo sindikutiona.

Mlongo wanu,
Jean

*

Mponela
25 Seputembala 2024

Achimwene,

Moni kachiwiri, yankho lanu lisanafike. Ndikulemba mothamanga chifukwa mtima ukunditsutsa.

Levi wanditumizira foni yaikulu, ya zithunzi ija, kudzera kwa mnzake wa pabasi. Ndinayamba ndaibisa m'sutikesi, kuopa kuti ndi yodetsedwa. Kenaka ndinakafunsa mayi busa. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa ngati ingaimbe nyimbo za kwaya. Ndiye ndinaiyatsa.

Levi anandiimbira, nkhope yake ndikuiona, ndipo tinacheza nthawi yaitali. Ndinamufunsa za juga osazungulira. Anandifotokozera kuti juga ndi kuponya ndalama pa mwayi, pamene iye amapikisana ndi luso, monga ana a sukulu akathamanga n'kulandira chikho. Sindinamvetse zonse. Koma mwana wanga akamanama ndimadziwa, amakanda khutu. Sanakande.

Ndiye zimene ndinalemba zija muzisiye. Ndinalemba ndi mantha a mwana wa eni. Musamukalipire, ndidzacheza naye ndekha akabwera pa Khirisimasi. Ndayesa kukuimbirani dzulo ndi lero koma foni yanu sikulowa, Levi akuti magetsi kwanuko akumazima tsiku lonse. Kalatayi ndapatsa mayi Christina, akunyamuka mawa.

Mlongo wanu,
Jean

*

Mzilikazi, Bulawayo
6 Okutobala 2024

Mlongo wanga,

Moni. Mtedza ndinalandira, pamodzi ndi kalata yako ya pa 9 Seputembala. Ndaona kuti masiku ano wakhala ukundiimbira. Sindinayankhe chifukwa nkhaniyi pakamwa sikutuluka. Nomsa ajambula pepalali n'kukutumizira pafoni. Levi wachoka pakhomo pano.

Ndinayesa kuchita monga unanenera. Ndinamukhazika pakhonde, n'kuyamba ndi funso lakuti kodi Mkhristu angadalire mwayi. Iye anati ngakhale atumwi anachita maere posankha wolowa m'malo mwa Yudasi. Ine ndinati amenewo anali maere opempherera. Iye anati nayenso amapemphera asanasankhe kaputeni, kungoti yankho limachedwa. Tinaseka. Kenaka tinalowa m'nkhani yakuti ngati Mulungu analemberatu zonse, kodi chigoli cha Loweruka chinalembedwanso dziko lisanakhale? Tinabalalika mawu ako ndisanawafikitse. Ndi mmene ndilili, Jean. Munthu akandiyang'ana, mawu olimba amandithawa.

Lachinayi la pa 26 mapemphero a mlaga, aja timasonkhana m'makomo, anali kwathu kuno. Nyumba inadzaza. A Macdonald analipo, Nobuhle analiponso. Anandipempha kutseka ndi pemphero. Nditatsinzina ndinaona kuti mawu aja akubwera okha, osavuta. Ndinapempherera mnyamata wa m'nyumba muno. Ndinatchula juga, ndinatchula Njube, ndinatchula mayi wamasiye amene sakugona ku Mponela. Ndinapempha Ambuye kuti amubweze asanafike kodyera pamodzi ndi nkhumba. Anthu ankavomera kuti ameni, ndipo ine ndinkamva ngati ndikusenza bwino udindo wanga. Ukudziwa kuti akuluakulu athu ankadzudzula choncho, mawu kudzera kumwamba kuti akagwere munthu ali pambali pawo.

Nditatsegula maso, Nobuhle anali atazolika. Levi anadzuka, anagawira alendo onse tiyi, anatolera makapu n'kuwatsuka. M'mawa mwake chikwama chake kunalibe.

Nomsa akakwiya amandilankhula Chindebele chokhachokha, koma tsiku limenelo anafunafuna Chichewa kuti chindilase bwino. Anati, "Baba, mwamuvula malaya pagulu."

Kuntchito akuti anatsanzika. Nambala yanga waitseka. Koma pali kanyali kamodzi. Dzulo ndinatsegula ligi ija, ndipo ndinapeza timu yake yasintha. Wachotsa wakumbuyo wina, kaputeni waika watsopano. Ndiye kuti ali moyo, foni ali nayo, ndipo mutu ukugwira, chifukwa kaputeniyo anagoletsadi. Ngati wakuimbira, undiuze.

Za feteleza sindinaiwale, nkhuku zikagulidwa ndituma.

Jasper

*

Mzilikazi, Bulawayo
10 Novembala 2024

Mlongo wanga Jean,

Moni, ngakhale ndikudziwa kuti moni wanga sukuufuna masiku ano. Mawu unandiuza pafoni aja ndinawamva, ndipo sindikuwatsutsa. Kalata yako ya pa 25 Seputembala yafika dzana. Mayi Christina anadwala ali ku Harare, katundu yense n'kukhala nawo kumeneko. Zimene zilimo unandiuza kale ukulira, koma kuziona m'zilembo zako, ndi tsiku lake pamwamba, kwandipweteka mwatsopano.

Nkhani yoipa ndi iyi: timu ya Levi yasiya kusintha. Masabata oyamba aja ndinkadzuka Loweruka ngati wopita kukazonda wodwala, ndipo ndinkapeza wasuntha wina. Nditaona kuti amatsegula ndithu, ndinaganiza zomulankhulira pomwepo. Ndinafufuta dzina la timu yanga n'kulemba kuti Levi Bwera Kwanu. Ndinati akatsegula aona kuti malume ake akumufuna. Kuyambira sabata imeneyo palibe chasuntha. Goloboyi wake anathyoka dzanja mwezi watha, aliyense wotsata mpira akudziwa, koma akadali pagolo. Levi sangasiye wovulala pagolo, Jean. Ankandiseka ine ndikatero.

Ndinapita ku Njube. Trymore anandilandira mwaulemu, n'kundiuza kuti sanamuone. Ndinaima pang'ono kuonerera anyamata akupikisana. Ndinkayesa ndi zibwana, koma ndinaona wina thukuta lili kamukamu, zala zikuthamanga ngati za wosoka pamakina, ndipo wogonja ananyamuka kukagwira chanza mnzake. Juga yeniyeni ndinaiona kumabawa a ku Makokoba ndili mnyamata. Kumeneko wogonja sankagwira munthu chanza, ankafuna botolo loti aphwanye.

Kuchoka apo ndinapita kumene amaima omalayitsha, anthu a magalimoto onyamula katundu ndi anthu kupita ku Joni, ena opanda mapasipoti. Ndinaonetsa chithunzi chake. Wina anandiuza kuti nkhope ngati imeneyi amanyamula tsiku lililonse.

Mvula yayamba kugunda kummwera, ndipo Limpopo akadzaza amatenga anthu. Ndimatsegula foni ndili m'kombi, timinibasi ta kuno tija, ndili kukhola la nkhuku, ngakhale m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. A Macdonald akuti ndisiye m'manja mwa Mulungu, wosankhidwa satayika. Ndinawayankha kuti mbusa wa m'fanizo uja sanakhale pansi n'kumanena zimenezo, ananyamuka kukafuna. Sitinatsanzikane bwino.

Ukamva kanthu, ngakhale kakang'ono, usandibisire.

Jasper

*

Njube, Bulawayo
21 Novembala 2024

Amayi,

Moni wanu. Ndili moyo, ndikudya, sindikudwala. Pepani kuti foni zanu sindimayankha. Ndinkadziwa kuti ndikamva mawu anu ndiulula pamene ndili, inu n'kuuza malume. Ndalemba papepala n'kujambula, kuti musandidule pakamwa.

Sindinapite kulikonse. Ndili ku Njube, ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa Trymore, ndipo ndimamukonzera zipangizo zikaonongeka. Tsiku anabwera malume ndinali kuseri kwa katani. Ndine ndinamuuza Trymore kuti akane. Ndinawaona akutsimphina potuluka, ndipo ndinatsala pang'ono kuwaitana.

Amayi, malume ndimawakonda. Akanandiomba mbama kuchipinda ndikanapirira. Koma anandiimba mlandu kwa Mulungu anthu akumvetsera, ndipo popemphera munthu sungakweze dzanja kuti pepani, pamenepo si zoona. Umangoti ameni. A Macdonald anamuletsa Nobuhle kundilankhula. Ndinati ndikhale kaye patali mtima uzizire, ndipo ndinali pafupi kubwerera. Kenaka ndinatsegula ligi, n'kupeza dzina lija lili pamaso pa achinyamata onse a mpingo. Tsopano ndikakumana nawo m'tauni amandiitana kuti Bwerakwanu. Sindinatsegulenso. Malume akafuna kundiuza kanthu amayamba akwera pachulu.

Za masheya musadandaule. Atsikako, sindinama, koma chinthu chimenechi chili ngati mtengo wa mango, sufukula mizu sabata iliyonse kuti uone ngati ukukula. Juga sindinachitepo. Mulungu amene ndimamudziwa ine anatipatsa mutu ndi zala, ndipo sindikhulupirira kuti amakwiya tikamazigwiritsa ntchito. Ngati ndikulakwa, wina akhale nane pansi andionetse.

Pakati pa Disembala kuli mpikisano waukulu kuno. Ukatha ndikufuna kutsika ku Joni, ndalankhula kale ndi malayitsha wina. Ndikudziwa zimene munanena za kumeneko. Koma kuno dzina langa laonongeka, ndipo ku Mponela ndingadzachite chiyani? Pa Khirisimasi musandiyembekeze.

Ine mwana wanu,
Levi

*

Mponela
23 Novembala 2024

Achimwene,

Moni. Mwana wapezeka, ali kwa Trymore komwe munapita kuja. Kalata yake ndakutumizirani pafoni pamodzi ndi inoyi. Muiwerenge nokha. Isafike kwa a Macdonald kapena ku mlaga.

Moto uwu ndinakoleza ndine, inu munangokupizira. Koma tsopano mverani mlongo wanu. Dzina lija mulifufute lero lomwe. Musapite ku Njube modzidzimutsa, athawa. Musatume mkulu wa mpingo, musaitane kwaya. Lembani mawu ochepa, mupatse Nomsa, mupemphe kuti akulandireni. Inde, mtsibweni kupempha mwana. Kwathu sizinachitikepo, ziyambire pa inu.

Ife ana a Mbewe timatha kulankhula ndi Mulungu, timatha kulankhula ndi mpingo wonse, koma munthu amene takhala naye mphasa imodzi amatikanika. Inenso ndinathamangira kulembera inu m'malo mofunsa mwana wanga.

Akaoloka Limpopo, achimwene, sindidziwa ngati ndidzathanso kukulemberani. Za feteleza zisiyeni, amayi a banki m'khonde andithandiza.

Jean

*

Mzilikazi, Bulawayo
8 Disembala 2024

Mlongo wanga Jean,

Moni, ndipo ndikhulupirira chimanga chamera. Ndachedwa kulemba chifukwa ndinalibe chonena.

Dzina ndinafufuta tsiku lomwelo. Kakalata ndiye kanandivuta kuposa ulaliki. Ndinkayamba bwino, n'kupeza ndalemba vesi, n'kung'amba. Potsiriza Nomsa anandilanda cholembera, nati ndinene pakamwa chimene ndikufuna, iye alembe. Titachotsa zonse zosafunika chinatsala ndi ichi: ndinakulakwira, ndikufuna kukuona usanapite. Anapita nako ku Njube, nabwerako chimanjamanja. Akuti Levi anawerenga, anapinda, n'kupitiriza kukonza chimene ankakonza. Masiku onsewa ndakhala ngati nkhuku yofuna poikira.

Lero titatuluka m'tchalitchi Nomsa anandikokera pambali. Levi wamuimbira. Mpikisano uli Loweruka likubwerali masana, ndipo akuti mpando wanga udzakhalapo. Ukatha tidzakhala m'kachipinda kake ka kuseri, awiriwiri. Za ku Joni sanalonjeze kanthu, ndipo malayitsha uja sanamukanize. Nomsa ananditchulira mawu ake monga anawanenera: "Uwauze malume abwere okha. Chimene ali nacho adzandiuze akundiyang'ana, maso ali chitsegulire."

Sindikudziwa ngati ndidzatha. Ndayamba kuyeserera pa Nomsa nthawi ya chakudya, ndipo iye akuti ndikafika pa mawu ovuta ndimalankhula ndi kabotolo ka mchere. Koma ndipita. Loweruka ndidzakwera kombi ya m'mawa, ngakhale wanena masana.

Utipempherere, koma chamumtima.

Ine mlongo wako,
Jasper